Mapepala atatu, malamulo awiri: momwe kawerengedwe ka mavoti kamapangira boma

Munthu akalowa m'kalasi pasukulu ya pulaimale ku Malindi, ku Namwera kapena ku Makawa kuno ku Mangochi pa tsiku la chisankho, amalandira mapepala atatu: la mtsogoleri wa dziko, la phungu wa ku Nyumba ya Malamulo, ndi la khansala. Kachongedwe n'kamodzi, inki ya pachala ndi yomweyo, mabokosi nawo aima pamzere umodzi. N'chifukwa chake ambiri timangoti mapepala atatuwa amayendera lamulo limodzi. Ayi ndithu. Kuyambira 2020, wofuna upulezidenti amayenera kupeza mavoti oposa theka, chija tonse tazolowera kuchitchula kuti 50+1. Phungu ndi khansala safunika theka. Akangoposa womutsatira, ngakhale ndi voti imodzi yokha, mpando ndi wake.

Tikamakangana za zisankho, pakamwa pathu pamadzaza nkhani ya kubera: tipeksi, mamonita othamangitsidwa, manambala osinthidwa usiku. Nkhawa imeneyo si yopeka, tinaziona ndi maso. Koma ngakhale chisankho chitayenda popanda wakuba ndi mmodzi yemwe, mavoti omwewo akhoza kubala maboma awiri osiyana, malingana ndi lamulo lomwe latsatidwa powasandutsa mipando. Asodzi a chilimira amazidziwa bwino zimenezi: usipa wa usiku umodzi ndi womwewo, koma chimene mwini ukonde, siginala (wotsogolera usodziwo) ndi alovi (okoka ukonde) apite nacho kunyumba chimatengera kagawidwe komwe anapangana asanakankhe bwato.

Tiyambe ndi phungu, poti ndi amene timamudziwa nkhope.

Njira yomusankhira tinatengera ku Britain. Dziko amaligawa m'madera, dera lililonse limatumiza munthu mmodzi, ndipo wotsogola watenga zonse. Ubwino wake sitingaukane. Ndi yosavuta kumva, agogo a ku Katuli safunika kalasi kuti aimvetse. Kuwerenga kumachitikira pomwepo pamalo ovotera: madzulo amakhuthula bokosi patebulo, woyang'anira senta amakweza pepala limodzilimodzi kuti mamonita a zipani aone pomwe pachongedwa, milu ikukula, wina akulemba m'kope mwake, panja anthu atsamira mazenera. Pofika pakati pa usiku mudzi wonse umakhala utadziwa yemwe watsogola pasukulupo. Ndipo mlatho ukakokoloka mumadziwa khomo loti mukagogode.

Tsono taonani mbali inayo. Tiyerekeze dera lina kumene aponya mavoti 30,000 ndipo opikisana alipo asanu ndi atatu, zomwe si zachilendo kuno. Woyamba wapeza 7,500, wachiwiri 7,100, wachitatu 6,000, asanu otsalawo agawana 9,400. Woyambayo ndiye "olemekezeka" kwa zaka zisanu, pomwe anthu atatu mwa anayi alionse anachonga dzina lina. Palibe wabera. Lamulo latsatidwa mpaka kumapeto. Kungoti mavoti 22,500 aja sanabale kanthu, ndipo sapita kwina kulikonse kukathandiza chipani chomwe eni ake ankachifuna.

Zimenezi zikachitika m'madera ambiri nthawi imodzi, Nyumba ya Malamulo imasiya kufanana ndi dziko lomwe laisankha. Ku Britain komweko, mu 2024, chipani cha Labour chinapeza pafupifupi 34 peresenti ya mavoti koma chinatenga mipando yoposa 400 mwa 650, pamene Reform UK, ndi mavoti 14 peresenti, inangopeza mipando isanu. Chaka chomwecho ku Botswana, chipani cha BDP chomwe chinalamula kuyambira 1966 chinali chachiwiri pa kuchuluka kwa mavoti, pafupifupi 30 peresenti, koma chinatuluka ndi mipando inayi yokha mwa 61. Mavoti ake anali omwazikana, kulikonse chinkangotsala pang'ono. Kwathu kuno UTM inalawako zofanana nazo mu 2019: Saulos Chilima anapeza mavoti oposa miliyoni imodzi pa upulezidenti, koma chipani chake chinalowa m'Nyumba ndi aphungu anayi. N'zoona kuti awa ndi mapepala awiri osiyana ndipo anthu ena amasankha pulezidenti kwina, phungu kwina. Komabe phunziro lake n'loonekeratu: pa njira imeneyi n'kwabwino kukondedwa kwambiri m'maboma atatu kusiyana n'kukondedwa pang'onopang'ono dziko lonse.

Katswiri wina wa ku France, Maurice Duverger, ananena kalekale kuti njira ya wotsogola watenga imakankhira dziko ku zipani ziwiri zikuluzikulu, chifukwa ovota amatopa n'kutaya voti pa chipani chosapambana. Kuno zinachitika mwa mtundu wina. M'malo mwa zipani ziwiri za dziko lonse, chigawo chilichonse chinakhala ndi mwini wake. Mu 1994, pa mipando 177, UDF inapeza 85, MCP 56, AFORD 36, ndipo ukanajambula mapu ukanaona Kumwera kwachikasu, Pakati pa tambala, Kumpoto kwa Chakufwa Chihana. Mangochi, Machinga ndi maboma oyandikana nawo anakhala chipinda chogona cha UDF kwa zaka zambiri.

Chipani chikakhala mwini dera, mpikisano weniweni umasamuka. Sukhalanso pa tsiku la chisankho, umakhala pa zisankho zachipulula, mapulaimale aja. Amene anaonererako amadziwa momwe zimakhalira. Pabwalo la sukulu, mashado (ofuna uphungu) aima kutsogolo atafulatira, nthumwi za m'nthambi za chipani zikundandalika kumbuyo kwa amene zikumufuna, aliyense akuonedwa ndi amfumu ake, apongozi ake, ndi amene anamugulira shuga dzulo. Mkangano umayamba asanayambe n'kuwerenga komwe: nthumwi zenizeni ndi ziti, malole awa abweretsa anthu a kuti, bwanji malo asinthidwa m'mawa uno. Wogonja amachoka akunena kuti akuluakulu a chipani aika munthu wawo. Pakatha sabata ziwiri mumamuona ataimika chithunzi chake pamsika ngati woima payekha, koma pamsonkhano akuuza anthu kuti pa upulezidenti avotere mtsogoleri wa chipani chomwe chija. Nthawi zina amapambana.

Apa ndi pamene pamachokera chinthu chomwe alendo amadabwa nacho pa ndale za Malawi, kuchuluka kwa aphungu oima paokha. Mu 2014 analipo 52, kuposa chipani china chilichonse. Mu 2019 analipo 55, kufanana ndi MCP, pomwe DPP inali ndi 62. Ambiri mwa iwo si anthu opanda chipani. Ndi ana a chipani omwe anakwiya pa mapulaimale, ndipo lamulo loti mavoti 25 kapena 30 pa 100 alionse akukwana kupambana ndi lomwe limawapatsa mtima woyesa.

Lamulo lomweli limaumbanso khalidwe la phungu akapambana. Munthu amene mpando wake wadalira mavoti mazana angapo a midzi iwiri kapena itatu sangaike mtima pa kuwerenga mabilu ku Lilongwe. Foni yake imalira m'bandakucha: kwagwa maliro, pakufunika nsalu ya sanda, kwina bokosi, kwina galimoto yonyamula thupi kuchokera kuchipatala cha boma, mwana wasankhidwa kupita kusekondale koma fizi palibe, mjigo wathyoka. Ntchito yomwe malamulo anamupatsa ndi yopanga malamulo, kuvomereza bajeti ndi kulondoloza momwe boma likugwiritsira ntchito ndalama. Koma pa kampeni palibe amamufunsa kuti bilu yakutiyakuti anavota bwanji. Amamufunsa kuti watimangira chiyani. Thumba la chitukuko cha m'dera la CDF, lomwe linayamba mu 2006, linabadwira m'njala imeneyi, ndipo lakhala likukanganitsa aphungu ndi makhansala mpaka kukafika kukhoti. Ine sindiwaona aphungu ngati anthu oipa kuposa ena tonsefe. Akuchita zimene njira yowasankhira imalipira. Ndipo imalipira moipa, chifukwa pa zisankho zambiri oposa theka la iwo sabwereranso. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti, koma amene anakhalapo pamsonkhano wa kampeni pamsika uliwonse wa kuno angachitire umboni ngati linamveka. Ovota nawo ali ndi yankho lawo lakale: idyani, voti ndi mumtima.

Poyamba malamulo aakulu a dziko a 1994 anali ndi chingwe chomangira phungu. Gawo 64 linkapatsa anthu mphamvu yomuchotsa nthawi yake isanathe. Aphungu analifufuta mu 1995, lisanagwirepo ntchito. Nyumba yachiwiri ya Senate, momwe mukanakhala mafumu ndi oimira magulu osiyanasiyana, anaichotsa mu 2001 isanakhalepo n'kamodzi komwe. Makhansala nawo tinasankha mu 2000, nthawi yawo itatha mu 2005 tinakhala opanda khansala mpaka 2014. Zaka zonsezo phungu anatsala yekha pabwalo ngati mwini chitukuko, ndipo chizolowezicho sichinathe.

Palinso nkhani ya malire, yomwe Mangochi iyenera kuitsatira kuposa maboma ambiri. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma lino, ndipo pa chisankho cha 2019 tinali ndi madera a aphungu 12. Mukagawa, phungu mmodzi ankaimira anthu pafupifupi 96,000. Likoma, ndi anthu osakwana 15,000, inali ndi phungu wake. M'Nyumba onse awiri ali ndi voti imodzi imodzi, ndiye kuti mawu a munthu wa pachilumba ankalemera kasanu ndi kamodzi kuposa a munthu wa kwa Chimwala. Sindikunena kuti Likoma ilandidwe phungu. Malamulo amalola kuganizira mtunda, mayendedwe ndi kakhalidwe ka malo, ndipo amene anayendapo msewu wa ku Makanjira nthawi ya dzinja sangatsutse zimenezo. Koma madera 193 anakhala osasinthidwa kuyambira chisankho cha 1999 kufikira pamene bungwe loyendetsa zisankho la MEC linawadulanso n'kukhala 229 pa chisankho cha 2025, zaka zoposa makumi awiri anthu akuchulukana mosiyana. Wogwira pensulo yodulira malire amakhala atayamba kale kugawa mipando voti isanaponyedwe. Onjezerani apo anyamata athu osawerengeka omwe ali ku Joni. Malawi salola kuvotera kunja, choncho amene amatumiza ndalama zomangira nyumba za malata ku Namwera ndi ku Chiponde alibe mawu pa za yemwe alamulire kwawo, pokhapokha akwere basi kudzalembetsa ndi kudzavota.

Za makhoti n'zosaiwalika kuno: zotsatira za aphungu za 2019 ku Mangochi West ndi Mangochi North East zinathetsedwa ndi khoti, anthu n'kukavotanso pa 10 Novembala 2020. Pamene kupambana kumatengera mavoti ochepa, cholakwika cha pa senta imodzi chimakwana kutembenuza mpando.

Tsopano pepala lalikulu lija, la mtsogoleri wa dziko.

Gawo 80 la malamulo aakulu limati pulezidenti asankhidwe ndi anthu ochuluka mwa ovota. Funso lomwe linativutitsa zaka makumi awiri ndi lakuti, ochuluka poyerekeza ndi ndani? Bakili Muluzi anapambana mu 1994 ndi 47 peresenti, Kamuzu Banda 33, Chihana 19. Chitatha chisankho cha 1999, Gwanda Chakuamba anapita kukhoti kukanena kuti Muluzi sanafike theka la anthu onse olembetsa. Khoti lalikulu la apilo linagamula mu 2000 kuti wopambana ndi amene waposa anzake, basi. Chigamulo chimenecho chinatsegula khomo lomwe andale analowapo mosangalala. Bingu wa Mutharika analowa m'boma mu 2004 ndi pafupifupi 36 peresenti. Peter Mutharika mu 2014 anapeza 36.4, Lazarus Chakwera 27.8, Joyce Banda 20.2, Atupele Muluzi 13.7. Mwa Amalawi atatu alionse amene anavota, pafupifupi awiri sanasankhe munthu amene analumbira.

Masamu a njira imeneyo anali osavuta, ndipo oipa. Sunkafunika dziko lonse. Unkafunika kudzaza mabokosi m'maboma a kwanu, kutolako pang'ono kwina, kenako kupemphera kuti otsutsa aime ambiri agawane zotsala. Kugawikana kwa adani ako kunali chuma kuposa mfundo zako. Ndipo boma lobadwa motero limadziwa bwino amene analiika pampando; maudindo, misewu ndi makontirakiti zimakonda kulondola mavoti.

Taonani pamene zimenezi zinkaika wovota wa ku Mangochi. Mu 2014 Atupele Muluzi anapeza mavoti ochuluka zedi kuno ndi ku Machinga. Kukanakhala chisankho chachiwiri pakati pa Mutharika ndi Chakwera, anthu amenewo, pamodzi ndi a Joyce Banda, ndi amene akanasankha pulezidenti, ndipo awiri otsogolawo akanabwera kudzagwada kuno. Pa lamulo la nthawi imeneyo mavotiwo anangowerengedwa n'kusungidwa m'buku. Atupele analowa m'kabineti ya Mutharika, ndipo mu 2015 aphungu ambiri a UDF anasamukira ku mabenchi a boma, koma zimenezo zinali zokambirana za atsogoleri chisankho chitadutsa, wovota sanafunsidwe. Mu 2019 nkhani inafika poonekeratu: Mutharika 38.57 peresenti, Chakwera 35.41, Chilima 20.24. Kusiyana kwa awiri oyambawo kunali mavoti pafupifupi 159,000, pamene Atupele, yemwe anali wachinayi, anali ndi oposa 230,000.

Zotsatira zake tonse tikuzikumbuka: madando 147 omwe MEC inalandira, mapepala a zotsatira opakidwa tipeksi, miyezi ya zionetsero, ndi mlandu womwe anthu ankaumvera pawailesi m'mashopu ndi m'maminibasi ngati mpira. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu, Healey Potani, Ivy Kamanga, Redson Kapindu, Dingiswayo Madise ndi Mike Tembo, anathetsa chisankho cha pulezidenti n'kulamula china pasanathe masiku 150. Malawi inakhala dziko lachiwiri mu Africa kuchita zotero, pambuyo pa Kenya mu 2017. Anthu ambiri amakumbukira tipeksi, koma mbali ya chigamulo yomwe yasintha ndale zathu mpaka lero ndi ina: oweruzawo anati ochuluka amatanthauza oposa theka la mavoti. Khoti la apilo linavomereza pa 8 Meyi chaka chomwecho, n'kusiya maganizo ake a mu 2000.

Ndale zinatembenuka sabata zochepa chabe. Chakwera ndi Chilima, amene miyezi ingapo m'mbuyomo ankanyozana pamisonkhano, anapanga mgwirizano wa Tonse. Mutharika anatenga Atupele kukhala womutsatira, ndipo Mangochi inavotera awiriwo mwaunyinji. Pa 23 Juni 2020 Chakwera anapambana ndi pafupifupi 59 peresenti. Ovota anali omwewo a chaka chapitacho, mitima yawo sinasinthe kwenikweni. Chinasintha ndi lamulo lowerengera, ndipo boma linasintha nalo.

Kodi 50+1 yachita zomwe tinkayembekeza? Mbali ina, inde. Palibenso angalowe ku State House ndi chigawo chimodzi, aliyense ayenera kukapempha kwa eni dera ena. Koma yabweretsa matenda akeake. Mgwirizano womangidwa pofuna kudutsa theka umakhala wa masamu, zomwe agwirizana zimabisidwa, ndipo chisankho chikatha amayamba kukangana za zomwe analonjezana kuchipinda. Wa Tonse unayamba kung'aluka Chilima ali moyo, ndipo atamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 Juni 2024, UTM inatulukamo mwezi wotsatira. Vutoli limakula chifukwa pulezidenti sangachotse wachiwiri wake amene anasankhidwa naye pa pepala limodzi. Bingu anakangana ndi Cassim Chilumpha, kenako ndi Joyce Banda; Peter Mutharika anakangana ndi Chilima. Womutsatira amasankhidwa kuti abweretse mavoti a kwawo, ndipo mavotiwo akaperekedwa ntchito yake imakhala ngati yatha.

Chodabwitsa n'chakuti mpaka pano chisankho chachiwiri, chomwe lamulo limati chichitike pakati pa awiri otsogola ngati palibe wafika theka, sitinachionepo. Pa 16 Sepitembala 2025 opikisana analipo 17 ndipo ambiri ankati ulendo uno tibwereza. Peter Mutharika, yemwe zaka zisanu zimenezo anakhala kunyumba kwake kuno ku Mangochi, anapeza 56.8 peresenti, Chakwera 33. Dalitso Kabambe wa UTM anapeza pafupifupi 4, Atupele Muluzi ndi Joyce Banda sanafike 2 aliyense. M'mabuku amati njira ya maulendo awiri imamasula wovota kuti ulendo woyamba asankhe wa kumtima kwake, wachiwiri asankhe woipa pang'ono. Amalawi sanadikire zimenezo. Mitengo ya chimanga, feteleza ndi mizere ya mafuta zinawachititsa kubwereza chisankhocho m'mutu mwawo asanafike pa senta, n'kupita kwa amene ankaoneka kuti angathe kugwetsa boma. Kwa zipani zing'onozing'ono, kuphatikizapo UDF yomwe kale inkati kuno n'kwake, uthengawo ndi wowawa: ukaima wekha poyembekeza kudzagulitsa mavoti ako pa ulendo wachiwiri, ukhoza kupeza anthu ako atapita kale.

Apa ndiye pamene malamulo awiri aja amagundana. Pulezidenti amabwera ndi mavoti oposa theka, koma Nyumba ya Malamulo imabwera yoduka zidutswazidutswa. Chakwera mu 2020 anapeza Nyumba yomwe MCP inali ndi aphungu osafika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mu 2025 DPP, ngakhale mtsogoleri wake anapambana bwino chotero, payokha sinafike theka la mipando 229. Boma silingayende popanda bajeti, bajeti singadutse popanda aphungu. Ndiye chimachitika n'chiyani? Msika. Oima paokha amayamba kulengeza mmodzimmodzi kuti "anthu a kwathu andituma kuti ndigwire ntchito ndi boma", ena a zipani zotsutsa amatsatira, ndipo pakatha miyezi ingapo boma limakhala ndi aphungu omwe wovota sanalipatse.

Gawo 65 linaikidwa kuti liletse zimenezi: phungu wosankhidwa pa tikiti ya chipani akachisiya n'kulowa china cha m'Nyumbamo, Sipikala alengeze kuti mpando wake uli pululu. Woima payekha amadutsa mosavuta poti palibe chipani chomwe wachisiya. Enawo amathamangira kukhoti kukatenga chiletso. Nthawi yomwe gawoli linagwedeza dziko ndi ya Bingu, amene anasiya UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, aphungu ambirimbiri n'kumutsatira. Mu 2007 ndi 2008 otsutsa, motsogozedwa ndi John Tembo wa MCP pamodzi ndi UDF, anakana kukambirana bajeti mpaka Gawo 65 litagwira ntchito, ndipo bajeti inachedwa miyezi. Anthu anaona ngati otsutsa akuwalanga, ndipo mu 2009 anapatsa Bingu 66 peresenti ndi aphungu oposa 110. Zomwe zinatsatira, boma lopanda woliletsa m'Nyumba mpaka zionetsero za Julayi 2011, zimatikumbutsa kuti Nyumba ya chipani chimodzi champhamvu nayo ili ndi mtengo wake. Bingu atamwalira mu Epulo 2012, aphungu omwewo anakhamukira kwa Joyce Banda pasanathe mwezi.

Nanga maiko ena amatani? Abale athu a ku Joni akhoza kutifotokozera njira ya ku South Africa. Kumeneko mipando 400 imagawidwa molingana ndi mavoti omwe chipani chapeza. Mu 2024 ANC inapeza 40 peresenti n'kulandira mipando 159, DA 87, ndipo poti pulezidenti amasankhidwa ndi aphungu, Cyril Ramaphosa anakakamizika kupanga boma ndi zipani zina. Voti siitayika, chipani chaching'ono chimapeza gawo lake, ndipo n'kosavuta kulowetsa amayi ambiri chifukwa mumangowaika pamwamba pa mndandanda wa mayina. Koma mndandandawo amalemba ndi akuluakulu a chipani. Phungu amaopa mlembi wamkulu kuposa wovota, ndipo munthu wamba alibe phungu wakewake woti amuloze chala. Ndikaganizira zipani zathu, zomwe zambiri zili ngati katundu wa munthu mmodzi kapena banja limodzi, ndimachita mantha. Mayina a oimira Mangochi angamalembedwe m'chipinda ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo khomo la woima payekha, lomwe ndi njira yokhayo imene anthu amalangira chipani chikawaikira munthu, lingatsekeke.

Tsidya la Chiponde, ku Mandimba, anzathu a ku Mozambique amavotera mndandanda wa chipani m'chigawo chilichonse pogawa mipando 250, ndipo pulezidenti wawo amafunika oposa theka ngati kwathu. Izi sizinaletse mkangano woopsa pa zotsatira za 2024, pomwe anthu ambiri anafa m'misewu. Njira yabwino yogawira mipando siithandiza ngati anthu sakhulupirira owerenga.

Lesotho ndiye anayesa kuphatikiza. Mu 1998 chipani cha LCD chinapeza pafupifupi 60 peresenti ya mavoti koma chinatenga mipando 79 mwa 80. Otsutsa anakwiya, Maseru inapsa, asilikali a South Africa ndi Botswana analowerera. Kuyambira 2002 ali ndi aphungu 80 a m'madera ndi ena 40 owonjezera, omwe amaperekedwa kwa zipani zimene mavoti awo sanaoneke m'mipando ya m'madera. Munthu amakhalabe ndi phungu wa kwawo, ndipo Nyumba imafananako ndi mavoti. Mtengo wake ndi maboma a mgwirizano osachedwa kugwa: anavota mu 2012, 2015 ndi 2017. Kwathu vuto limenelo lingachepe chifukwa pulezidenti timasankha mwachindunji, sagwa Nyumba ikagawikana. Pa njira zonse zomwe ndaziona, iyi ndi imene ndikuganiza kuti Malawi angaikambirane mofatsa. Kenya nayo ili ndi kanthu kena koyenera kukaona: kupatula mavoti oposa theka, wopambana ayenera kupeza 25 peresenti m'makaunti (zigawo za dzikolo) oposa theka mwa 47, kuti asadalire mitundu iwiri kapena itatu yokha.

Maganizo oterewa si atsopano kuno. Mu 2017 bungwe lounika malamulo la Law Commission linapereka lipoti lomwe linapempha 50+1, komanso mpando umodzi wa mayi m'boma lililonse mwa maboma 28, poona kuti amayi m'Nyumba sankafika ndi kotala yomwe. Mu Disembala chaka chomwecho aphungu anakana bilu ya 50+1, ndipo za mipando ya amayi sizinapite patali. Zinatengera oweruza kuti 50+1 ilowe. Pamene aphungu anadzakhala pansi kulemba malamulo atsopano a zisankho pambuyo pa chigamulo chija, ananena momveka kuti theka ndi la pulezidenti yekha, phungu ndi khansala azipitiriza kupambana ndi mavoti ongoposa a mnzake. Nthawi zambiri kusintha kokhudza malamulo aakulu kumafuna magawo awiri mwa atatu a Nyumba, omwe pa mipando 229 ndi aphungu 153, ndipo aliyense wa iwo anafika pampandopo kudzera m'lamulo lomwe akupemphedwa kulisinthalo.